Mizere ya Kachewere wa Amalume

Lizulu, Ntcheu
14 Ogasiti 2024

Okondedwa achemwali a Lufina,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu. Kuno tili bwino, kungoti kukuzizira. Ndalemba kalata chifukwa pafoni mumayamba kuseka ndisanamalize.

Loweruka a Fyson, aja ndinakuuzani, anabwera ndi amalume awo kudzandifunsira. Amalume athu a Fanizo anali atanenetsa kuti salola ukwati mpaka amve ntchito ya mwamunayo. Ine ndinali kuseri kwa chitseko, ndikusankha nyemba zosankha kale.

A Fyson anafotokoza kuti ku Ulaya kuli chimakina pansi pa nthaka, chozungulira ngati mphete. Amalume athu anasangalala.

"Mgodi! Ine ndakhala pansi zaka khumi ndi ziwiri. Mumakumba chiyani?"

"Sitikumba kanthu, bambo. Timagundanitsa tinthu tosaoneka ndi maso."

"Mwatsikamo kangati?"

"Sindinapiteko. Ine ndili ku yunivesite, ndimalemba pulogalamu ya pa kompyuta yopeza malo enieni amene tinthuto tikugundanirana, ndi kukula kwa malowo."

Amalume anatembenukira amalume a Fyson. "Mwana wanuyu mgodi wake sanauone, chimene amafufuza sichioneka. Kuno woteroyo timati lova."

A Fyson anayamba kuyankhula Chingerezi, thukuta lili kamukamu. Amalume awo anatola chipewa kuti azipita. Achemwali, sindikudziwa chimene chinandigwira. Ndinangomva pakamwa panga pakuyankhula.

"Ndi zija za kachewere wanu, amalume."

Inu kunalibe, ndikuuzeni. Chaka chatha amalume anagundana panjinga ndi a Nicholas, anzawo olima kabichi, pa kamsewu kopita kumsika. Thumba la amalume linaphulika, kachewere n'kugubuduzika kusiya mizere pafumbi. Anthu atasonkhana, amalume anatsatira mizereyo chobwerera mpaka pomwe inakumana, n'kuonetsa aliyense kuti ngozi inachitikira mbali yawo ya msewu, wolakwa ndi a Nicholas. Nkhaniyi amainena ngakhale pamaliro.

"Watulutsa mawu ndani?" anafunsa amalume. "Tisungane? Mwana ameneyu amayankhula?"

"Ndi zomwezo ndithu!" anatero a Fyson. Anafotokoza, ulendo uno m'Chichewa, zimene anandifotokozera ine tikuchokera ku tchalitchi. Tinthuto tikagundana, zidutswa zimamwazikana. Makina amajambula mizere ya zidutswazo, pulogalamu n'kuitsatira chobwerera. Malo ogundaniranawo m'lifupi ndi ochepa kuposa tsitsi limodzi, m'litali ngati chala. Komanso amasuntha, ndiye amayenera kuwayeza pafupipafupi. Akawalakwitsa, anzawo onse owerengera zinthu zina amalakwitsanso.

Amalume anatulutsa chifuwa. "Ndiye kuti azungu akumba dziko lonselo kuti achite ntchito imene ine ndinaichita ndi maso okha?"

Zikanathera pomwepo. Koma a Fyson akasangalala sakhala ndi mabuleki.

"Chovuta ndi mizere yonama, bambo, yosachokera pamalo enieniwo. Pulogalamu yanga imaizindikira n'kuitaya."

"Yonama? Imaidziwa bwanji?"

"Sigwirizana ndi inzake. Siingabisale."

Pano ndiulule zimene sindinauzepo munthu. Tsiku la ngozi lija ine ndinali kumbuyo, nditasenza dengu. Pamene a Nicholas ankafufuza nsapato yawo m'udzu, ndinaona amalume akufufuta mizere ina ndi phazi, n'kugubuduza kachewere atatu kuchokera mbali yawo. Iwo akudziwa kuti ndinaona.

Amalume anayang'ana chitseko. Ine sindinanene kanthu, achemwali, Mulungu ndi mboni. Ndinangotsokomola. Paja ndati kukuzizira.

"Mnyamatayu ndi wophunzira," anatero amalume mofulumira. "Ntchito ali nayo, talola. Koma kompyutayo izitsala ku yunivesite komweko. Kuno kuli fumbi."

Mpaka lero a Fyson akuganiza kuti anawagonjetsa ndi sayansi. Musadzawauze.

Chinkhoswe chili pa 5 Okutobala. Munditumizire nsapato, nambala faifi, zosatalika chidendene. Koma chachikulu mubwere nokha. Chimwalirireni amayi, ndinu amene munkandiyankhira anthu akandifunsa, ndipo Loweruka ndinacheuka kuti ndikuuzeni zoti munene, n'kupeza khoma. Ndinayankhula ndekha. Ndikufuna mudzamuone munthu amene anandichititsa zimenezi.

Mupereke moni kwa alamu ndi kwa Nomsa, mumuuze kuti amayi ake aang'ono akukwatiwa.

Ndine mng'ono wanu,
Tisungane