Dzanja la Bambo Lipita Kukhoti

Lachiwiri, 14 Meyi

Okondedwa achimwene,

Kuno tadzuka, kaya inu kumeneko. Uthenga wanu woti tingosaina pepala la a inshulansi nkhani ithe ndaulandira, koma pepani, sitisaina.

Mwina simukudziwa mmene lamulo limayezera ululu. Loya wathu akuti munthu wogundidwa ndi galimoto ngati Bambo amalandira chipukuta misozi chenicheni pokhapokha kuvulala kwake kukhale "kwakukulu": chiwalo chiduke, kapena chiferetu, apo ayi munthuyo alephere ntchito yake masiku makumi asanu ndi anayi. Bambo athu mukuwadziwa. Tsiku la makumi awiri anadzuka n'kunena kuti kalipentala sagona masana ngati mphaka, ulendo wa kushedi. A inshulansi anatuma munthu kukawajambula atakhala pabenchi, pensulo ili kukhutu. Chithunzi chimenecho akuti ndiwo umboni woti anachira. Akanakhala aulesi ngati alamu anu kunyumba kwangaku, bwenzi titawina kalekale.

Tsopano ndiulule zimene amakubisirani pafoni. Kushediko sapala thabwa ngakhale limodzi. Dzanja lamanja silifumbata. Pensuloyo ndimawaika kukhutu ndine m'mawa, ndikatha kuwameta ndevu ndi kuwamanga mabatani. Anandilumbiritsa kuti ndisauze munthu, makamaka inu.

Loya anawauza mosapsatira kuti adzayenera kunena zonsezi ndi pakamwa pawo anthu akumva, ndipo dokotala wa a inshulansi, amene anawayeza mphindi zinayi osawavula n'komwe jekete, adzawatsutsa. Ine ndimati asankha kusaina kusiyana ndi manyazi amenewo. Koma Bambo anafunsa ngati pepalalo likunenadi kuti anangosupuka pang'ono. Nditawawerengera, anati:

"Zaka makumi anayi sindinagulitsepo mpando wogwedera n'kumati ndi wolimba. Ndiyambe lero, pa dzanja langa lomwe?"

Choncho pa 3 Juni tili kukhoti. Tikhoza kuluza, loya sanatibisire, ndipo tindalama akutinyengerera natoti tidzapita. Malangizo musatumizenso, tili nawo odzaza kabati. Ngati mungathe, bwerani mudzakhale kumbuyo kwawo.

Mayi akupereka moni, akuti muzidya. Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana. Bambo akana kuti ndiwalembere moni wawo, andilanda cholembera. Mzere wokhotakhota uli m'munsimu ndi wawo, wawatulutsa thukuta. Akuti muuwerenge nokha, anakulipirirani sukulu.

Ndine mlongo wanu,
uja mumati wamakani