Makwerero Amene Tinalibe

Lachiwiri, 10 Malichi

Dzanja la Valdenir lapita. Lamanja, mpaka pamfundo.

Dzulo m'mawa, kumunda kwa a Aderbal. Mwamuna wanga akulowetsa masamba a khonje m'makina monga masiku onse, ine ndikuyanika luzi pamawaya, Tainá ali m'dengu pamthunzi. Makina anangosintha kaliridwe. Ndinadziwa ndisanatembenuke.

A Aderbal anathamanga naye Valdenir kuchipatala pagalimoto lawo. Ine anati nditsale ndi mwana. Luzi limene linatuluka nthawi imeneyo, lofiira, analamula kuti litenthedwe. Ndinatapako kamtolo n'kubisa pansi pa nsalu za mwana. Chifukwa chake sindikudziwa. Mwina poti dzanja lake latsala mmenemo.

Lachinayi, 12 Malichi

Kuchipatala. Pepala la pabedi likuti anagwa pamakwerero kunyumba kwake, n'kudzicheka ndi lata. Ndawerenga katatu ndi chala, poti sukulu ndinalekeza kalasi yachinayi. Ndi zomwezo. Ife makwerero tilibe. Denga lathu ndi lamapale adothi, si lamalata. Anayankha mafunso ndi a Aderbal, Valdenir atakomoka.

Akuti chala chachikulu chikumuyabwa. "Nilzete, tapita kumunda ukachikande." Anaseka yekha. Ine ndinatuluka panja.

Loweruka, 14 Malichi

Anabwera mayi Zulmira a ku bungwe la antchito akumunda. Amuna awo makina omwewa anawadya mkono kalekale. Akuti pepala likakhala la makwerero, palibe chipukuta misozi, palibe penshoni. Likanena makina, zonse zilipo. Lachisanu abwera ndi munthu wa boma woyendera malo antchito. Ine ndingonena zomwe ndinaona.

Kunena n'kosavuta. Nyumba ino ili pamalo a a Aderbal. Madzi, chitsime chawo. Ndiponso ndiwo anamunyamula Tainá paubatizo, ndi akompadre athu, ine komadre wawo, monga timaitanirana pa ubale wa ubatizo. Apongozi anga akuti amene anakugwirira mwana kutchalitchi sumuimba mlandu, dalitso limachoka pamwana. Akunena akupukusa mutu, ngati wolakwa ndine.

Ufa wachinangwa watsala wa masiku atatu.

Lachiwiri, 17 Malichi

Valdenir watuluka. Malaya ndamuveka ndine.

Masana a Aderbal anafika ndi mwendo wa mbuzi, thumba la nyemba, ndi makwerero. Akale, mtanda wachinayi wothyoka. Anawayedzamitsa pakhoma chapakhomo, pansi pake n'kuponya lata ladzimbiri.

"Komadre, nyumba yopanda makwerero si nyumba. Musawasunthe."

Anamupatsa Tainá dalitso, dzanja pamutu. Ine sanandiyang'ane.

Makina ayambanso kulira. Akulowetsa masamba tsopano ndi achimwene anga a Gilmar. Tsiku lija anali pomwepo, ndiwo anamanga mkono ndi lamba wawo. Lero akuti sanaone kanthu, anali kuthengo. Ali ndi ana asanu. Sindikuwada. Ayi, ndikuwada pang'ono.

Nyama ija taphika. Tadya.

Lachitatu, 18 Malichi

Ndikuchapa kuseri, ndinamva Valdenir akukuwa. Tainá pamtanda wachitatu, akuseka, akufikira wothyoka uja, pansi lata. Bambo ake anatambasula mkono kuti amugwire, mkono wopanda dzanja. Anaiwala. Mwana ndinamutsitsa ine.

Valdenir anakakhala kukhola la mbuzi mpaka dzuwa kupendeka. Pobwera akuti tingovomera za makwerero, a Aderbal alonjeza kuti nyumba satichotsa, ndipo adzamupezera ntchito yaulonda. Ndinafunsa kuti alemba papepala? Anati ndimayankhula ngati mayi Zulmira.

Tikachotsedwa tipita kuti? Kwa amayi chipinda n'chimodzi. Kutauni sitidziwa munthu.

Tikavomera, moyo wonse tidzakhala anthu amene anagwa pamakwerero. Ndipo a Gilmar likadzapita dzanja lawo, makwerero omwewa adzangowasamutsira kwawo.

Lachinayi, 19 Malichi

Mwana ndam'mangirira ku mwendo wa tebulo ndi nsalu. Akulira. Makwerero ali pomwepo, sindingawakhudze, wakumunda aliyense wodutsa amayang'ana.

Ndatulutsa luzi lija. Lada, si lofiiranso, koma zikuoneka. Muli kachidutswa ka chikhadabo. Valdenir anandipeza ndili nalo m'manja. Anayang'ana nthawi yaitali. Sananene kuti taya. Sananene kuti sunga.

Lachisanu, 20 Malichi

Apongozi apita kukapemphera. Valdenir wakhala pakhomo, wavala malaya a kutchalitchi. Mabatani anakana kuti ndimuthandize, wamanga yekha, awiri okha.

Pakamwa panga sindikupadalira, ndikaona a Aderbal mawu amandithawa. Ndiye ndachita ntchito yomwe ndimaidziwa. Luzi lija ndalipesa ndi zala, ndaliyanika pamakwerero awo, pamtanda wothyoka, poonekera kumsewu. Sindinawasunthe.

Makina kumunda azima. Fumbi kumsewu, magalimoto awiri. Lakutsogolo ndi la a Aderbal, lam'mbuyo la mayi Zulmira ndi munthu wa boma uja.

Tainá ndam'masula, ali pachifuwa. Cholembera ndikuika pansi, ndikukaima pafupi ndi luzi lija.