Ndime Yosapalira

Achemwali anga,

Ndikhulupirira muli bwino kutaliko, inu ndi alamu. Kuno tikudzuka, mvula yagwa yokwanira.

Mwana wathu wamkazi uja munkati angotha nsapato ndi sukulu, lero ndi wa kafukufuku ku yunivesite. Chaka chatha anabwera ndi aphunzitsi ake, zingwe ndi zikhomo, n'kugawa munda wathu wa nyemba m'ndime zinayi. Anati zitatu tizisamale monga watiuzira, yachinayi tisaipalire n'komwe, kuti aone kusiyana kwake.

Bambo ake anapirira milungu iwiri yokha. Tsiku lina m'mawa ndinawapeza ataipalira yonse, kuti mbee. Akuti, "Odutsa mumsewu aziti mwini munda anamwalira?" Mwana anangogwira kumutu, miyeso yake yonse yapita. Aphunzitsi ake anaseka mpaka misozi, kenako anatiikira chikwangwani chonena kuti udzuwo ndi wadala.

Chaka chino zayenda. Alimi makumi atatu anasonkhana pamunda pathu, mwana ali kutsogolo akuwaonetsa nyemba zocha msanga, ndipo aliyense anabwerera ndi mbewu m'thumba. Madoda aimvi kumupanikiza ndi mafunso, iye kuyankha osaphethira. Achemwali, tsiku limenelo ndinayenda ngati mwini msewu.

Mwanayo wawayamikira bambo ake kuti ulendo uno ndime ija sanaikhudze. Koma khasu lawo lili kuseri kwa chitseko kuyambira mvula yoyamba, ndipo lamba wawo ndamuboola kale kawiri, chifukwa akungoonda.

Mukapeza mpata, bwerani, musadikire nthawi yokolola.

Ndine mng'ono wanu.