Bwato Losamangirira pa Khoma la Mayi Devota

Okondedwa achemwali Rahel,

Muli bwanji kumeneko? Mwendo wa amayi uja unaphwa? Ife kuno ku Mbamba Bay tilipo, kungoti mwera wavuta, usipa ukusowa.

Zomwe munamva n'zoona. Bambo a Dyna analuza ukonde wathu wa chilimira pa juga ya makhadi. Ndinalira, sindibisa.

Koma za chithunzi simunamve. Mayi Devota, omwe ali ndi mgahawa, kanyumba kogulitsira tiyi, pafupi ndi doko, anaitana Thadei, wojambula wa ku Lituhi, kuti awakongoletsere khoma. Iye anajambula mtsinje wa kwawo, Ruhuhu. M'chithunzimo amayi ena akutunga madzi, ng'ona ili poteropo yangotulutsa maso. Asodzi akuponya ukonde. Pansi pa mtengo amuna akutchova juga atafulatira mtsinje, bwato lawo losamangirira likupita ndi madzi. Mmodzi mwa amunawo, mphuno ndi dazi lomwe, ndi alamu anu! Anthu amamwa tiyi akuloza.

Bambowa anapita atalusa kuti Thadei akafufute. Thadei anawauza kuti m'chithunzimo aliyense akutchova, wotunga madzi wabetcha mwendo wake, msodzi wabetcha moyo wake, kungoti enawo maso awo ali pamadzi. Bambowa atabwera kunyumba, chakudya sanachikhudze. M'mawa mwake anabwerera komweko. Zofufuta nkhope sanazitchulenso, anangopempha kuti awajambulire chingwe pa bwatolo. Thadei anakana, akuti chingwe amamanga ndi mwini bwato.

Chiyambire tsiku limenelo bambowa akukwera bwato la eni ngati waganyu, munthu amene anali ndi antchito ake. Amabwera manja ali matuza okhaokha. Mkwiyo sunandithere, koma amandimvetsa chisoni.

Pempho langa ndi ili. Ndamva kuti amalume, monga ankhoswe, akufuna kuwoloka nyanja kudzanditenga ine ndi mwana. Chonde apempheni adikire mpaka mvula igwe. Mukalankhula inu amamva.

Ndikudziwa kuti nanenso ndikutchova, achemwali, ndipo ndabetcha tsogolo la Dyna. Koma ine sindinafulatire. Zikakanika ndidzabwera ndekha, osachita kutengedwa.

Mundiperekere moni kwa amayi, amalume, alamu ndi ana onse. Amayi musawauze za dazi lija, angaseke mpaka kutsokomola.

Ndine mng'ono wanu,
Felesita