Mbuzi ya Dalubini Ndaigulitsa, a Jameson

JAMESON MUGHOGHO, a ku Chisenga, Chitipa. Anatisiya mu Ogasiti 1982.

Zaka zisanu ndi chimodzi zakwana, a wiske Sylvester, bambo wa ana anga, chichokereni inu pakhomo pano. Ana anafuna kuti pansi pa chithunzi chanuchi tiike ndime ya nyimbo ndi mawu aja amalemba aliyense, akuti dzuwa linalowa masana, akuti mtengo waukulu unagwa. Ndakana. Inu simunali mtengo, munali munthu wovuta pogula zinthu, ndipo ndili ndi nkhani yoti ndikuuzeni. Ndalemba m'Chichewa poti ndicho nyuzi imasindikiza. Pamene ndaphonya musandikonze, nthawi yanu yokonza anthu inatha.

Tiyambe ndi chithunzichi, chifukwa owerenga adabwa kuti tikulira munthu wopanda nkhope. Si wosindikiza walakwitsa ayi. Chithunzi chanu chilipo chimodzi chokha, ndipo ndi chomwechi: chipewa pamwamba, ndevu pansi, pakati dalubini, magalasi aja oonera kutali amene dzina lake tinatengera kwa amalonda a ku Tanzania. Tsiku limenelo tinapita ku boma kukajambulitsa ngati anthu, ine nditavala chitenje chatsopano. Wojambula asanakonzeke, inu munaona wamalonda atayala katundu pansi pa mtengo. Munatola dalubini yake n'kuyamba kuiyesa pa madenga a kutali. Wojambula anakuitanani mpaka kutopa, kenaka anakujambulani momwemo. Ine ndinatuluka phewa lokha. Dalubiniyo simunaigule n'komwe. Lero mdzukulu wanu Jean, amene anabadwa mutapita kale, amauza anzake kuti agogo ake anali ndi maso otuluka ngati a nkhanu.

Sindikunena kuti chilakolako chanu chinali chopanda mutu. Munakalambira pa ntchito yolondera moto m'nkhalango ya m'munsi mwa Mafinga, dalubini ya ntchito ili pakhosi. Utsi ukatuluka kuseri kwa phiri, woyamba kuuona munali inu. Mutapuma, munakaibweza kwa eni ake monga munthu wachilungamo, ndipo kuyambira tsiku lomwelo munali ngati munthu wozulidwa dzino, lilime limangobwerera pamene panali dzinolo. Munkagwira pachifuwa popanda kanthu. Mbalame ikadutsa, dzanja pachifuwa. Mlendo akaoneka m'njira ya ku Wenya, dzanja pachifuwa. Ndine ndinakuuzani kuti gulani yanu tipume. Munalowa m'khola, n'kutulutsa kambuzi kakakazi kamawangamawanga, n'kulengeza pamaso pa ana kuti iyi ndi mbuzi ya dalubini, munthu asaikhudze kufikira mutapeza yabwino koma yotsika mtengo.

Yabwino koma yotsika mtengo! Mawu amenewa anandidyera ukalamba wanga.

Malamulo anu ndimawadziwa kuposa katekisimu, poti munkawalalikira pa chakudya chilichonse. Nambala yoyamba yolembedwa pamwamba isapitirire teni, chifukwa yokoka kwambiri imanjenjemera m'manja, phiri n'kumavina. Uigwedeze pafupi ndi khutu, ikalira ngati bokosi la machesi uisiye. Uyang'ane m'mphepete mwa denga, mukaoneka pawiri dziwa kuti mutu udzakuwawa dzuwa lisanapendeke. Uitembenuze n'kusuzumira ku magalasi aakuluwo, mwina muli chuku. Isalemere kuposa nkhuku, poti wonyamula ndi khosi lako. Zonsezi ndi nzeru, sindikutsutsa. Koma nzeru zimene sizithera pa kugula zili ngati kusenda nzimbe tsiku lonse osailawa.

Amene munamuzunza kwambiri ndi Wallace, wamalonda wa njinga uja ankabwera ndi sopo ndi zitenje kuchokera kumalire. Mwana wa eni ake anakunyamulirani madalubini m'mitunda yonseyi, mvula ndi dzuwa. Iyi munati ikulemera. Iyo munati diso lakumanja likuonetsa dziko lachikasu ngati munthu wodwala. Mphunzitsi wina wa ku Dedza, posamuka ku Kaseye, anafuna kukusiyirani yake pafupifupi mwaulere. Munapalasa njinga mpaka kumeneko, n'kubwerera chimanjamanja, akuti ikapuma mpweya wa m'mawa imachita nkhungu. Nanga ndani sachita nkhungu m'mawa ku Chitipa?

Inalipo imodzi imene inapambana mayeso anu onse. Kakang'ono, kakuda, kolimba ngati mwala wonolera. Munayang'ana Mafinga nthawi yaitali, mpaka ine ndinalowa m'khola n'kuyamba kumanga mbuzi chingwe. Ndipamene munaona kuti pambali pake pali zilembo zachilendo zimene palibe ankatha kuziwerenga. Munati munthu wokhala pafupi ndi malire, woyang'ana kutali ndi chinthu cha zilembo zotere, akudziitanira mafunso. Pamenepo sindinakutsutseni. Koma Wallace atanena kuti azipala zilembozo ndi tupa, munayankha kuti inu simugula chinthu chokandika. Ndinamasula mbuzi. Tsiku limenelo ndiwo ndinathira mchere kawiri, ndipo sizinali mwangozi.

Inu mukusankha, mbuzi inali kuswana.

Ndiye chifuwa chija chinakugwetsani. Tinakuzungulirani pamphasa kudikira mawu otsiriza. Ndinkayembekeza za munda, za ana, kapena kamawu kamodzi ka ine amene ndinakuphikirani kuyambira ndili mtsikana. Munatsegula maso, n'kugwira dzanja la Sylvester, n'kunena kuti mbuzi ija asaigulitsire dalubini yachabechabe. Basi. Mwana wanu anamva, ndipo anawasunga mawuwo ngati lamulo la khumi ndi chimodzi.

Tsono mverani zimene munatisiyira. Mbuzi ija inabereka, ana ake anabereka, adzukulu ake nawo akubereka. Palibe akudziwa kuti lamulo lanu limathera pa mbuzi iti, choncho Sylvester anati zonse ndi za dalubini. Sitipha, sitigulitsa. Pa ukwati wa mwana wanu Rebecca tinachita kukagula mbuzi kwa anansi, zathu zikutafuna masamba a chisakasa cha akwati. Zadya nyemba za anthu, zadya chinangwa cha mpingo. Masana zimasowa, osadziwika kumene zalowera, madzulo n'kubwera zokha mimba zili tantha. Ndapepesa m'makomo mpaka mawu oti pepani andithera kukamwa.

Koma si mbuzi zinandiwawa kwambiri. Ndi manda anu. Munasankha nokha kukagona pa bwinja la atate anu, kutsidya kwa mtsinje, pamtunda pamene chigwa chonse chimaonekera. Chimenecho chokha ndicho munasankha mwachangu pa moyo wanu. Zaka zoyamba ndinkakwera ndi tsache langa. Kenaka maondo anakana, ndipo mvula yagwa katatu ine osapondako. Sylvester amati kuli bwino. Rebecca amati maluwa amene anabzala akukondwa. Ndimawakhulupirira monga mmene ndimakhulupirira wogulitsa nyemba akamalumbira kuti zilibe anankafumbwe. Mwamuna ndi wanga, ndinafuna kuona ndekha. Ndikakwera pachulu cha kuseri kwa khitchini, malowo amaoneka ngati kanjere ka mapira, ndipo maso angawa sapitirira pamenepo. Mwaona? Dalubini imene inu munkaifunira mbalame ndi utsi, ine ndinayamba kuifunira inu.

Ndinatuma Sylvester. Mwana ameneyu anatenga mphuno yanu ndi matenda anu omwe. Amachoka ku Wenya kumene akuphunzitsa, amapita kumsika, amagwedeza pakhutu, amasuzumira chotembenuza, amabwera manja ali m'thumba, akuti adada sakanalola. Ndinamufunsa ngati adadawo ndi amene adzaonere m'dalubiniyo. Anandiyankha ndi nkhope yanu ija ya munthu wokhululukira mbuli.

Choncho mwezi wathawu, tsiku la msika, ndinamanga khadi langa la chipani lolowera mumsika pansonga ya chitenje, ndinagwira tonde wamkulu, mdzukulu wa mbuzi yanu ija, n'kutsetsereka naye pang'onopang'ono ndi ndodo yanga. Wallace ndinamupeza, wachita imvi tsopano, ndipo atandiona anafuna kubisa katundu. Anali ndi madalubini awiri. Ndinatola yopepukayo. Mayeso anga anali amodzi: kodi ndikuona? Ndinaiika m'maso, ndinapotokola kagudumu kapakati, ndipo kumapeto kwenikweni kwa msika ndinaona mayi wina akubisa tomato woola pansi pa mulu. Ndinati yakwana. Wallace anandifunsa ngati sindikufuna kuigwedeza kaye. Anati a Mughogho adzuka kumanda akamva. Ndinamuuza kuti adzuke, ndili nawo mawu. Iye anatenga chingwe cha tonde, ine ndinatenga dalubini, ndipo malonda amene anakukanikani mpaka imfa anatha madzi a tiyi asanawire.

Ndikuuzani zilema zake ndekha, musachite kumva kwa ena. Ikagwedezeka imalira pang'ono. Diso lakumanzere lili ndi kadontho ka chuku konga ntchentche yakufa. Lamba wake ndi mphira ya chubu cha njinga. Nambala zake ndi eyiti ndi sate, pamenepo pokha mukanagwedeza mutu kuvomera. Mukanaikana musanaigwire n'komwe. Koma ikuona.

Sylvester atamva anabwera wapansi kuchokera ku Wenya, fumbi mpaka m'maondo. Sanakhale pansi. Anati ndaphwanya mawu a womwalira, ndagulitsa mbuzi pa chinthu chachabechabe chenichenicho chimene adada anakana, ndipo akuluakulu a banja akamva adzati chiyani. N'chifukwa chake ndalemba zonsezi poyera, kuti akuluakuluwo awerenge okha, ndipo pasapezeke wonena kuti ine NyaKaonga ndinachita mobisa. Mawu anu ndinawasunga zaka zisanu ndi chimodzi. Pa moyo wanu sindinasungepo mawu anu nthawi yaitali chotero.

Sindinakangane naye. Ndinamuuza kuti andigwire mkono tikwere pachulu. Manja anga ankanjenjemera, phiri linavinadi monga munkanenera, ndiye ndinatsamiritsa zigongono pa mpini wa khasu mmene munkachitira inu. Ndinapeza mtsinje. Ndinatsata kanjira mpaka pa mtengo wa muwanga uja. Ndipo munali pamenepo, pafupi ngati ndingakukhudzeni ndi ndodo.

Maluwa a Rebecca kulibe ndi limodzi lomwe. Mtanda wapendekeka ngati munthu wobwera ku mowa. Ndipo pa simenti yanu, a Jameson, pali mbuzi. Zanu zomwe, khola lonse. Kumene zimasowera masana onsewa ndi kumeneko, zimakaothera kutentha kwa simenti. Nkhalamba yamawangamawanga ija, mano anatha kale, inagona kumutu kwenikweni, ikubzikula mwaulemu ngati yabwera kudzafunsa kuti bwana, nanga dalubini ija. Ndinaiwala kuti zili kutsidya, ndinakuwa kuti chokani apo, mpaka nkhuku za pakhomo ndi zimene zinathawa.

Ndinampatsa Sylvester. Anayang'ana, nayang'anabe, osagwedeza pakhutu, osatembenuza. Pobweza ananena kuti diso lakumanzere lili ndi kadontho, akupukuta maso ake onse awiri. M'mawa mwake anawoloka mtsinje ndi khasu ndi tsache, ine ndili pachulu kumuongolera ndi chitenje, kumanja pang'ono, kumanzere pang'ono, mpaka mtanda unaima chilili. Aka n'koyamba kuti mwana wanu amve zonena zanga osayankha, mwina poti anali kutali.

Za mbuzi tagwirizana. Zina tigulitsa anansi apume, ina tipha pa Khirisimasi. Nkhalamba ija ndaisiya. Izikwera ndithu, pakufunika wina wokhala nanu pamene ine sindingafike.

Tikukulirani, musaganize kuti mkwiyowu ndi wa munthu amene waiwala. Sylvester sadutsa utsi wa m'phiri osaima. Rebecca akuti abzalanso maluwa, ndamuuza kuti abzale minga. Jean amafuna kudziwa mtundu wa maso anu, ndipo ndimamuuza kuti anali ofiirira, aukali pa katundu wa anthu, ofatsa pa ana. Ine ndimasowa wokangana naye. Nyumba imene munthu umanena chinthu n'kungovomerezedwa ndi yozizira.

Inu pachithunzipa mwatiloza ndi dalubini ya eni ake imene simunagule. Ine m'mawa uliwonse ndikatha kusesa ndimakulozani ndi yanga imene ndinagula. Tiziyang'anana choncho kufikira tsiku limene adzandikweze kumeneko ondinyamula.

Kukuiwalani sitingathe, ngakhale titafuna. Ndikukuonani.

Ine mkazi wanu Eluby NyaKaonga, pamodzi ndi ana anu Sylvester ndi Rebecca, ndi mdzukulu wanu Jean.