Khola Lagalasi la Achimwene

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Chifuwa cha wamng'ono chija chinatha? Kuno tilipo. Amayi miyendo ikuwavutabe m'mawa, koma akuyenda. Ine makina anga osokera akulirabe pakhonde monga mwa masiku onse.

Ndalemba kalata chifukwa pafoni mumandidula pakamwa ndisanafike pakati. Ndapatsira dalaivala wa basi, ndiye ikufikani Lachinayi. Muiwerenge tsiku lomwelo.

Khola la nkhuku munajambula lija linamangidwa. Pulani yanu itafika, amayi ankaionetsa aliyense wodutsa pageti, mpaka wogulitsa makala, amene anaigwira chozondotsa n'kumayamikira. Ankati mwana wawo wojambula nyumba zosanjikiza wawakumbukira. Mawa lake analamula kuti khola lakale ligwetsedwe, lija anakhoma malemu abambo ndi matabwa otsala ndi waya wa sefa, limene munati likuchititsa manyazi kuseri kwa nyumba. Manyazi amenewo anasunga nkhuku zaka makumi awiri.

Lanuli ndi lokongola, sindikana. Malata mbali zonse, penti wobiriwira, makwerero, ndi zenera lagalasi loyang'ana kolowera dzuwa. Galasi, achimwene. Munamva kwa ndani kuti nkhuku zimafuna kuonera magalimoto? Munayeza chilichonse mpaka masentimita, koma polowera mpweya simunasiye ngakhale kabowo kokwana chala. Inu amene muli mwana munkadwala mutu mukangotumidwa kukasesa zitosi, lero ndinu katswiri wa nkhuku. Amati safunsa anadya phula, koma ulendo uno wosafunsayo ali kutali, phulalo zadya ndi nkhuku za amayi.

Kalipentala ataona pepalalo anakanda mutu n'kufunsa ngati tikufuna khola kapena uvuni wa buledi. Amayi anamuyankha kuti yake ndi hamala, zoganiza anaganiza kale ophunzira. Munthu uja anangokhoma monga munalembera.

Lolemba la sabata yatha tinalowetsamo nkhuku zonse khumi ndi zinayi. Mwina simudziwa, koma nkhuku zikasamukira m'khola latsopano zimatsekeredwa masiku atatu kuti zizolowere pogona. Lachiwiri dzuwa linaswa mtengo. Litapendeka n'kulunjika pagalasi lanu lija, amayi anapita kukawonjezera madzi, ine ndinangomva ndowa ikugwa. Nditasuzumira pachitseko, mpweya wake unandiwamba kumaso ngati wa ayironi yanga. Zisanu ndi zinayi zinali zitafa kale, milomo ili yasa, mapiko atatambasuka.

Pakati pa zakufazo panali Kameta, thadzi lija lopanda nthenga m'khosi, chidzukulu cha nkhuku yomaliza imene abambo anabwera nayo pakhomo pano. Zisanu zotsalazo tinaziviika miyendo m'beseni mpaka zinatsitsimuka. Pano zikugona m'dengu kukhitchini.

Mukuganiza kuti amayi anakutchulani? Anakhala pansi pomwepo, Kameta ali pamiyendo, n'kunena kuti: "Mwana wanga sangalakwitse khola. Ichi ndi chitopa, kapena ndine ndachedwa ndi madzi."

Kuyambira tsiku limenelo sakudya bwino. Atsuka kholalo ndi mankhwala kawiri, ndipo akuti Loweruka likubwerali nkhuku zisanu zija zibwereremo, zitsekeredwenso masiku atatu. Kalipentala anabwera yekha kudzapempha kuti adule malata a m'mwamba mbali zonse, aikemo waya wa sefa, galasi alichotse. Amayi anamubweza pageti, amvekere ntchito ya mwana wawo siikhudzidwa ndi munthu wosatha kulemba dzina lake.

Tsopano ndinene changa, poti chikundidya mumtima. Ine ndinaona cholakwikacho tsiku lomwe pulani inafika. Ndasesa khola zaka khumi ndi zisanu, ndimadziwa mmene nkhuku imawefukira kukatentha. Kalipentala asanakhome lata loyamba anabwera pakhonde kudzandinong'oneza kuti ndilankhule ndi amayi. Ndinamuuza kuti akhome, amayi amuone bwino injiniya wawo.

Ndinkafuna kuti muchite manyazi. Ndinatopa kumva dzina lanu m'mawa ndi madzulo pamene wowasisita miyendo ndi ine. Ndinkaganiza kuti nkhuku zizingokana kulowa, mazira achepe, ine ndiseke. Za imfa sindinaganize, kapena ndinaganiza n'kupitiriza kusoka diresi la kasitomala. Kameta ndinamukwirira ndekha pansi pa mtengo wa gwafa, ndipo ndinalira ngati mwana.

Dzulo ndinayesa kuwauza amayi kuti vuto ndi mpweya. Anandiyang'ana n'kunena kuti nsanje idzandipha. Chowawa n'choti sananame kwenikweni, ndiye mawu anga pa nkhaniyi alibenso mphamvu.

Watsala ndinu. Muwaimbire foni Loweruka lisanafike. Musayambe ndi maphunziro anu, musanene kuti kalipentala sanamvetse, ndipo chonde musatumize pulani ina. Mungonena kuti: "Amayi, ndinalakwitsa, muloleni adule malata." Ndikudziwa kuti mawu amenewa sanatulukepo m'kamwa mwanu chibadwire, koma yeserani pagalasi, poti magalasi mumawakonda.

Mukapanda kuimba, sizasi yodulira malata ndabwereka kale, ili pansi pa makina. Ndidula ndekha Loweruka m'mawa. Nkhuku zipulumuka, koma amayi sadzandikhululukira, ndipo tidzakhala m'nyumba imodzi osalankhulana. Inu mudzabwera pa tchuthi kudzalandiridwa ndi manja awiri.

Mulungu akusungeni, akupatseninso kudzichepetsa kokwana foni imodzi. Mupereke moni kwa alamu, muwauze kuti masiketi awo ndamaliza. Ana muwapsompsone m'malo mwanga.

Amayi adziwa kuti ndikukulemberani. Andituma kuti za nkhuku ndisatchule, mungadandaule, ndingokuuzani kuti khola ndi lokongola kwambiri ndipo akuthokoza. Ndakuuzani.

Ndine mlongo wanu,
Telala wa pakhonde