Amayi Ataya Udzudzu Wanga

Lachinayi madzulo, kwathu ku Nsanama. Kwatentha, ndipo tsikuli layamba ndi kundipsetsa mtima.

Pochokera kumsika ndapeza mabeseni anga ali pathandala, otsukatsuka. Timphutsi ta udzudzu ta kafukufuku wanga wa digiri yachiwiri, tomwe ndinavutika kutunga m'madambo a mpunga ku Nayuchi, tonse tatayidwa patsinde pa mango. Nkhuku zinali kalikiliki kujompha.

"Wataya madzi anga ndani?" ndinakuwa.

"Ndine," anayankha amayi. "Malungo atsala pang'ono kundipha, iwe n'kumaweta udzudzu pakhomo panga ngati nkhunda? Iyayi mwanawe, ukawetere kusukulu kwanuko."

Ndimati ndiwafotokozere kuti ndinaphimba ndi neti, koma ndinangowayang'anitsitsa. Anali chiimire, tsache lili m'manja. Amayi omwewa sabata yatha ndimachita kuwagwirira kapu pakamwa, kubafa ndimachita kuwachirikiza. Lero anyamula okha mabeseni odzaza madzi, ndipo mawu awo amveka mpaka kwa aneba.

Choti ndiwauze aphunzitsi anga sindikuchidziwa. Komabe mvula ikadalipo, madambo sanaume. Loweruka ndikatunganso, ndikasunge kwa azakhali.

Mpango womwe ndimaluka powadwazika uja amayi autembenuza uku ndi uku, akuti ndaluka mokhwepa, ndimasule ndiyambirenso. Ndimasula ndithu.

Ndi awo akundiitananso, akuti ndasiya nsapato zamatope pakhonde. Andikalipire mmene angafunire. Phokoso limeneli ndinalisowa.